Funsani Dokotala: makutu akulira, mutu ukupweteka tikawombera mzinga wa pa kasinja

Adokotala, ndine msilikali ndipo ntchito yanga ndi kuwombera mzinga wa mamilimita 30 umene uli pa kasinja wamng'ono. Tikachoka koyeserera, makutu amalira mpaka m'mawa, ndipo pagulu sindimva bwino zimene mnzanga akunena. Anzanga akuti ndizolowera. Kodi n'zoona?

Achimwene, khutu silizolowera. Munthu amene akuti wazolowera phokoso ndiye kuti wayamba kale kugontha.

Phokoso ladzidzidzi lopitirira madesibelo 140 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) likhoza kuwononga khutu ngakhale litamveka kamodzi kokha, ndipo mfuti wamba ya msilikali imapitirira kale muyeso umenewu, nanji mzinga. Komanso mizinga imeneyi siwombera kamodzi. Mzinga wa M242 Bushmaster wa mamilimita 25, umene uli pa akasinja a Bradley ndi LAV-25, umalavula zipolopolo pafupifupi 200 pa mphindi imodzi, pomwe mzinga wa 2A42 wa pa kasinja wa BMP-2 umatha kupitirira 500. Onjezanipo phokoso la injini. Phokoso losalekeza la madesibelo 85 khutu limalipirira maola 8, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi imeneyi imatsika ndi theka.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timamva mawu. Timaselo timeneti tikangotopa, makutu amalira kwa tsiku limodzi kapena awiri kenako n'kubwerera m'chimake. Tikafa, timafera tomwe. Timene timayamba kufa ndi tomvera mawu aang'ono osongoka, a pafupi ndi 4,000 Hz (muyeso wa kusongoka kwa mawu), n'chifukwa chake mumamva kuti munthu akulankhula koma mawu ake osawagwira bwino pakakhala phokoso. Chizindikiro chimene mwatchulachi chikundidetsa nkhawa kuposa kulira kwa makutu. Pemphani kuti akupimeni makutu ndi makina, ndipo muzipimitsa chaka chilichonse kuti zotsatira zizifanizidwa.

Asilikali ambiri amavala totsekera m'makutu ta siponji molakwika, n'kungotitsamiritsa pakhomo pa khutu. Kafinyeni ndi zala zoyera mpaka kakhale kowonda, kopanda makwinya. Dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu, kokerani khutu m'mwamba ndi kumbuyo, kalowetseni, ndipo kagwirenibe masekondi 20 mpaka 30 kuti kafufumire m'kati. Kakalowa bwino, munthu wokuyang'anani kutsogolo sakaona. Pamwamba pake valani chisoti chokhala ndi zomvera. Kuvala zonse ziwiri kumangowonjezera madesibelo 5 kapena kuposerapo pang'ono, koma pa phokoso lotere amenewo ndi ambiri. Onaninso mphira wa zomverazo. Ukauma, ukang'aluka, kapena mwendo wa magalasi ukaukweza, phokoso limalowera pamenepo.

Tsiku limene khutu lidzagontha mwadzidzidzi, kutuluka magazi kapena madzi, kapena mudzamva chizungulire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala amene angathandize amagwira m'masiku oyambirira okha. Ngati nembanemba ya m'khutu yabooka, nthawi zambiri imapola yokha pakapita milungu ingapo, bola musalowetsemo madzi, thonje kapena mankhwala odontheza amene dokotala sanakulembereni.

Adokotala, amuna anga ndi msilikali wa pa kasinja, ndipo akabwera kowombera amadandaula mutu, nseru ndi kufooka. Akuti zimachitika makamaka akawombera zitseko za pamwamba zili zotseka. Kodi ndi kutentha chabe?

Mayi, kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi kumachititsa zimenezi, koma mawu akuti zitseko zili zotseka akundipangitsa kuganizira kwambiri za mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Wonga ukapsa umatulutsa mpweya umenewu, pamodzi ndi amoniya ndi mipweya ina yowawa m'maso ndi kukhosi. Chipolopolo chikatuluka, kumbuyo kwa mzinga kumatseguka ndipo utsi wina umabwerera m'kachipinda ka owombera. Opanga mizinga amadziwa vutoli. Mzinga wa RARDEN wa ku Britain, wa pa akasinja a Scimitar ndi Warrior, anaukonza kuti makoko a zipolopolo azigwera kunja ndipo utsi usamadzaze m'kati. Akasinja ena amadalira fani yokoka utsi, ndipo ikafooka kapena owombera akaiwala kuiyatsa, utsi umachuluka msanga.

Carbon monoxide alibe fungo. Amamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, choncho ubongo ndi mtima zimasowa mpweya munthu akupuma bwinobwino. Umboni waukulu ndi uwu: onse a m'galimoto imodzi amadwala pamodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino. Afunseni amuna anu ngati anzawonso amamva choncho.

Wodwala atulutsidwe panja msanga, agone, asagwire ntchito yolemetsa. Akapuma mpweya wamba, theka la poizoniyu limachoka m'magazi pakatha maola 4 mpaka 6, koma akapatsidwa okosijeni weniweni pa masiki zimatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. Kachipangizo koyezera okosijeni kopanira pachala kamanamiza pa vutoli, kamaonetsa ngati okosijeni ali bwino, ndiye pamafunika kupima magazi, ndipo apimidwe msanga asanakhalitse panja. Kusokonezeka mutu, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka ndi zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Kutsokomola ndi kubanika kumene kwayamba patapita maola angapo nakonso n'koopsa, chifukwa mipweya ina ya wonga imatupitsa mapapo mochedwa.

Panado angaziziritse mutu, koma amuna anu auze akuluakulu awo kuti fani ndi zotsekera utsi za galimotoyo zikonzedwe asanalowemonso. Ngati amasuta fodya, magazi awo amakhala ali kale ndi carbon monoxide, choncho utsi wa mzinga umawagwira msanga kuposa anzawo.