Funsani Azakhali: Burashi yafulati ikundisiyira mizere kumaso

FUNSO: Zikomo azakhali. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Bembeke. Mwezi wamawa achemwali anga akupanga ukwati ndipo ine ndili m'gulu la operekeza mkwatibwi. Mnzanga wandibweretsera paketi ya maburashi kuchokera ku Lilongwe. Mulinso ina yafulati, ya ubweya wosalala, kumapeto kwake ngati lilime, akuti ndi yopakira foundation, zodzola zija zobisa timadontho ndi kusalaza maonekedwe a khungu kumaso. Ndayesa kawiri koma kumaso kukutsala mizere, ndipo pamphuno khungu likufunduka. Kodi burashi imeneyi ili ndi phindu lanji? Kapena ndingobwerera ku zala zanga?

YANKHO: Mwana wanga, burashiyo musaitaye. Ine ndimaphoda akwatibwi kuno ku Dedza boma, ndipo mwa maburashi onse ali m'chikwama changa, imene imatha msanga ndi yafulati yomweyo chifukwa siichoka m'manja mwanga. Mizere mukuionayo ikubwera chifukwa mukutapa foundation wambiri nthawi imodzi, kenaka n'kumamukoka ngati mukupenta chitseko.

Munaonapo agogo akuzira pakhonde? Satapa dothi lambiri n'kuliunjika pamalo amodzi ayi. Amatenga pang'ono, kulifalitsa mopyapyala, akatero n'kumakulungiza mofatsa. Akaliunjika, likamauma limang'aluka. Burashi yafulati imafunanso dzanja lotero.

Phindu lake loyamba lili m'thumba mwanu. Ubweya wake nthawi zambiri ndi wa nayiloni, si wa nyama, choncho sumwa zamadzimadzi kwambiri. Siponji imamwa, mukaifinya potsuka mumaona nokha foundation amene munagula ndi ndalama zanu akutsikira m'beseni. Ndi burashi, botolo lomwelo limakufikitsani patali. Chinanso, poti ndi yopyapyala, imalowa m'malo amene chala chimavutika kufikamo: m'mbali mwa mphuno, m'munsi mwa maso, mozungulira nsidze, ndi m'malire a tsitsi. Ndipo ngati muli ndi timadontho takuda totsala ziphuphu zikapola, vuto la ambirife a khungu lakuda, palibe chimene chimabisa bwino kuposa nsonga ya burashi imeneyi, chifukwa imasiya foundation pomwe mwamuika. Chala chimaika n'kuchotsanso. Koma dziwani kuti ndi ya foundation wamadzi kapena wakirimu basi. Paudala ali ndi burashi yake yofutukuka. Musaisokonezenso ndi ina yonenepa, yothinana, yodulidwa pamwamba, imene amaitcha kabuki: iyo amaizunguza pakhungu, pomwe yanuyo sazunguza.

Tsono muzichita chonchi. Dontheserani foundation kuseri kwa dzanja, wochepa ngati njere ya chimanga. Gunditsani nsonga yokha ya burashi, osati kuiviika mpaka pachitsulo chogwira ubweya. Yambirani pakati pa nkhope, pamasaya pafupi ndi mphuno, n'kumapita cha kumakutu, mokoka mwachidule komanso motsitsa. Ndikuti motsitsa chifukwa tiubweya tating'onoting'ono ta kumaso timagonera pansi. Mukakokera m'mwamba mumatidzutsa, nkhope n'kuoneka ya mbuu. Ndiyeno pali chimene atsikana ambiri amadumpha: mukafalitsa, goneketsani burashiyo cham'mbali n'kumadinda pang'onopang'ono, ngati mukupukuta thukuta ndi kansalu. Kudindako ndiko kumafafaniza mizere. Pamene pakuonekabe dontho, bwerezani pomwepo pokha, osati nkhope yonse. Tsikirani pang'ono m'khosi. Mukamaliza, tengani galasi mukaime pakhomo, chifukwa kuwala kwa m'chipinda kumanama.

Za kufunduka kwa pamphunoko, mlandu ndi nyengo ya kwathu kuno. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo inu a ku Bembeke mukuidziwa bwino mphepo ya mu Juni ndi Julaye. Khungu limauma, limatuwa, ndiye burashi ikamadutsa imatukula timakoko touma tija. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, dzolani mafuta opepuka a kumaso, mudikire mphindi 10 kuti alowe musanagwire burashi.

Koma musapitirire muyeso. Sindidzaiwala mkwatibwi wina amene ndinakamuphoda Loweruka lina mu Julaye, mbandakucha, tonse titafunda zitenje m'chipinda mwa mayi ake. Poopa kuti mwana wawo atuwa pa tsiku lake, mayiwo anali atamudzoza mafuta olimba aja timapaka kumapazi, nkhope yonse ili nyezinyezi. Ndikaika foundation, ankangoterera, burashi ikusiya tinjira ngati mapazi a nkhuku pamatope. Galimoto yopita kutchalitchi inali itafika kale panja. Ndinapempha madzi ofunda ndi kansalu, tinasambitsa nkhope ija, n'kuyambiranso. Mayi aja anaima pambali, mtima uli m'mwamba, koma ataona mwana wawo atamalizidwa anangogwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Kuyambira tsiku limenelo, ndimauziratu mkwatibwi aliyense dzulo lake zoti adzole ndi zoti asadzole.

Kukazizira foundation amalimbanso m'botolo. Musiyeni kuseri kwa dzanja kwa kamphindi, kutentha kwa thupi lanu kumufewetsa. Ndipo chonde, mwana wanga, sankhani wofanana ndi khungu lanu, muyesere pansagwada. Atsikana ambiri amagula wowala kuposa iwo eni, ndiye pa zithunzi za perekaniperekani nkhope imaoneka ya munthu wina, khosi la munthu wina. Zimandiwawa, chifukwa khungu lanu ndi lokongola kale. Mwezi ulipo wathunthu. Yeserani katatu kapena kanayi madzulo, pofika tsikulo dzanja lidzakhala litazolowera.

FUNSO: Azakhali, ndili ndi kasaluni ku Lizulu. Tsiku la ukwati ndimaphoda atsikana mwina 6 ndi burashi imodzi. Ndikaitsuka imachedwa kuuma. Nditani?

YANKHO: Achemwali, apa ndilankhule mosabisa mawu. Burashi imodzi pa nkhope 6 yosatsuka, imeneyo ndi njira yogawira anthu ziphuphu, zipere ndi matenda a maso. Foundation wonyowa amene amatsalira mu ubweya amasunga mafuta a khungu ndi tizilombo. Munthu amene amagwiritsa ntchito burashi yake yekha, madokotala a khungu a bungwe la American Academy of Dermatology amamulangiza kuti aziitsuka pakatha masiku 7 mpaka 10. Inu amene mumagwira nkhope za eni ake, muyenera kuitsuka mukatha kuphoda munthu aliyense. Choncho muziwonjezera maburashi afulati pang'onopang'ono, mukapeza kaphindu mugule imodzi, mpaka aliyense wokhala pampando wanu akhale ndi yake yoyera. Amene wabwera ndi maso ofiira kapena zilonda pamilomo, muphodeni ndi kasiponji koti mukatha mutaye.

Potsuka, lozetsani ubweya pansi, thirani madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofewa kapena shampu ya ana, n'kumaisisita pachikhatho mpaka madzi azituluka oyera. Musaiviike yonse m'kapu. Mkati mwa chitsulo chija muli guluu wogwira ubweya, madzi akalowamo ubweya umayamba kuthothoka n'kumatsalira pamasaya a kasitomala. Finyani ndi thaulo, ikonzeni ibwerere m'maonekedwe ake a lilime, muigoneke m'mphepete mwa tebulo, ubweya utalendewera kunja kuti mphepo izipita uku ndi uku. Musaiimike m'kapu ili yonyowa.

Ndikudziwa kuti kuzizira kwa ku Lizulu kumakunyengererani kuti muiyandikize pambaula. Musatero. Ineyo ndinapsereza yanga choncho, nayiloni anapiringizika ngati ndevu za chimanga, sinagwirenso ntchito. Ngati ukwati uli Loweruka, tsukani maburashi onse Lachinayi madzulo, Lachisanu aume tsiku lonse, usiku muwaike m'kathumba koyera kotseka.