Kodi mapiri a ku Angónia anadza bwanji?

Aphunzitsi ena a ku Ulónguè anditumizira imelo yofunsa kuti: "Mabuku amati mapiri amatumphuka pamene zibenthu za dziko zikugundana, nanga athuwa anadza bwanji popeza kuno kulibe kugundana kotero, ndipo anthu anazidziwa liti zimenezi?"

Aphunzitsi, kugundanako kunachitikadi kuno, koma kalekale, ndipo akatswiri a miyala anatsutsana zaka zoposa 100 asanamvane. Mu 1829, Élie de Beaumont wa ku France anaphunzitsa kuti dziko likuzizira ndi kunyala, ndipo mapiri ndi makwinya ake, monga khungu la mango ofota. Eduard Suess wa ku Austria anagwira ganizo lomwelo, koma anaonanso kuti masamba a chomera chakale chotchedwa Glossopteris amapezeka m'miyala ya ku India ndi ya kum'mwera kwa Africa mofanana, choncho anati maikowa anali mtunda umodzi, Gondwana, umene mbali zake zina zinamira m'nyanja. Masamba omwewo ali m'miyala ya malasha ku Moatize. Mukaswa mwala wakudawo motsata mizere yake, nthawi zina mumaona tsamba lalitali, mitsempha yake yolukanalukana ikuonekabe bwinobwino.

Alfred Wegener, mu 1912, anakana zomirazo nanena kuti makontinenti anang'ambika n'kutalikirana. Ambiri anamutsutsa chifukwa sanaonetse mphamvu yokankha mtunda waukulu chotero, ngakhale Alexander du Toit wa ku South Africa anamuikira kumbuyo mu 1937 ndi umboni wa miyala ya Karoo, gulu lomwe malasha a ku Moatize alimo.

Munthu amene ndimafuna ana athu amudziwe ndi Arthur Holmes, amene anabwera ku Mozambique mu 1911 ali mnyamata kudzafufuza miyala yamtengo wapatali. Iyeyu analimbikira kuyeza zaka za miyala pogwiritsa ntchito uranium amene amasanduka mtovu pang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake anafotokoza kuti kutentha kwa mkati mwa dziko kumayendetsa miyala ya pansi, imene imakoka makontinenti. Kuyeza zakako kunasintha mapu. Mapu akale, monga a William Smith a mu 1815, ankaonetsa mwala umene uli pamalo, pamene mapu a tectonics amaonetsa nthawi imene miyalayo inapindidwa ndiponso kumene mapindowo analoza. Potero Holmes anazindikira lamba wa miyala yopindika wotsika kum'mawa kwa Africa, namutcha Mozambique Belt mu 1951. Mkangano unatha m'zaka za m'ma 1960, Marie Tharp atajambula mapiri a pansi pa nyanja, ndipo Fred Vine ndi Drummond Matthews atasonyeza mu 1963 kuti pansi pa nyanjapo pamafutukuka, zimene zinatsimikiza kuti makontinenti amasunthadi.

Tsono miyala yambiri ya ku Angónia, ija ya mizere yoyera ndi yakuda yokhotakhota imene mumaiona pamene msewu unadula chitunda, inaphikidwa ndi kupindidwa pansi penipeni, komaliza pamene Gondwana ankalumikizana zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo. Mapiri a nthawiyo anaperesedwa ndi mvula ndi mitsinje, ndipo chimene tikupondapo ndi mizu yake. Kukwera kwa dera lathu lero kunadza pambuyo, mtunda utatukuka m'mbali mwa mng'alu waukulu umene muli Nyanja ya Niassa, ndipo mng'aluwo ukutsegukabe, n'chifukwa chake nthawi zina timamva zivomezi.