Njinga yamoto yoyamba: yankho kwa aphunzitsi aku Ntcheu omwe anandilembera

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pulayimale akumbali ya Ntcheu uko, dzina ndisunga. Akuti akhala akuponya ndalama ku banki mkhonde zaka ziwiri ndipo pano akufuna kugula njinga yamoto yawo yoyamba, sukulu yomwe amaphunzitsa ili makilomita 14 kuchoka pa M1, msewu wafumbi wa zitunda, ndiye atopa ndi kulipira kabaza. Kuyendetsa sanayambe, anangoyesako kawiri pa bwalo la mpira ndi njinga ya mlamu wawo. Anzawo akuwauza kuti njinga ya injini yaing'ono ya 125cc ndi ya ana, bola agule ya 200cc yodutsira ku Mozambique poti ndi yotchipa, komanso iwowo akufuna akangogula aikepo ekizozi yolira, magetsi a LED ndi kasipika. Funso lawo ndi loti agule iti, nanga aikepo chani.

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupilira ndi nkhani ya thukuta lanu la zaka ziwiri. Ndiyankha motalika ndithu chifukwa ndi zinthu zoti ndinaziona ndi maso, zina zinandichitikira ine ndemwe.

Tiyambe ndi ya 200cc ija. Musagule. Sikuti ndi njinga yoipa ayi, koma siyanu panopa. Munthu wophunzira dzanja lake la kumanja silinadziwe kuti mafuta amapatsidwa bwanji, akadzidzimuka amakoka m'malo mosiya, ndiye pa 125 kulakwitsa kumeneko njinga imangolira nkusuntha pang'ono inu nkupeza mpata wokonza, koma pa injini yaikulu imakuthawani mmanja mwapezeka muli mu ngalande. Kulemeranso nkhani. Za 125 zambiri zimalemera makilogalamu 100 ndi kakuti, titi matumba awiri a chimanga ndi kachidebe pamwamba, ndipo mudzaigwetsa, aliyense amaigwetsa, mudzafunika kuidzutsa nokha pamatope mu Januwale popanda wokuthandizani. Mukapita kokagula khalanipo kaye, mapazi onse awiri afike pansi bwinobwino osati kunyang'ama ndi zala. Komanso ku Road Traffic laisensi ya A1 imathera pa 125cc, yoposa apo imafuna code A, ndiye dziwiranitu yomwe mukukalembetsa isanafike njingayo pakhomo.

Za mtundu, anthu amakangana kwambiri koma ine muyeso wanga ndi umodzi. Pitani pa trading centre yomwe muli nayo pafupi tsiku la msika, muime pa siteji ya akabaza muwerenge kuti njinga zambiri ndi za mtundu wanji, kenako mulowe mu shopu ya masipeya mufunse kebulo ya kilatchi, mabuleki shuzi, tcheni ndi masipuloketi (zitsulo za mano zomwe tcheni imayendapo) a mtundu umenewo ngati alipo pompo. Yomwe ili ndi sipeya pafupi ndiye yanu. Mmadera ambiri mupeza Lifo, Sanlg, King Lion, kwina Bajaj Boxer ndi TVS za ku India, ndipo makanika wa pansi pa mtengo amazidziwa mpaka kabawuti komaliza. Honda ndi Yamaha nzolimba zedi, palibe angatsutse, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi ayenda zaka ndi zaka pa ma DT 125 ndi ma AG 200 mmisewu yoipa kuposa yanuyo, koma mtengo wake ndi wina ndipo sipeya yeniyeni nthawi zambiri mpaka mutumize ku Lilongwe kapena ku Blantyre. DT yo injini yake ndi ya mtundu wa two stroke, yomwe imawotcha oilo pamodzi ndi petulo, imafuna oilo wa 2T pambali ndipo imamwa petulo kwambiri, kwa munthu wa malipiro a pamwezi ine ndingati tengani ya injini ya four stroke, yosafuna oilo wa 2T, basi.

Tsopano nkhani ya mapepala, apa ndiye pamene mtima wanga uli. Ku Ntcheu malire ali pakhomo penipeni, mbali zina M1 ndi yomwe ikulekanitsa Malawi ndi Mozambique, ndiye njinga zolowa chozemba nzambiri ndipo mtengo wake umakoma. Njinga yanga yoyamba ndinagula choncho kwa bambo wina wake, anandipatsa kalisiti kolemba pamanja pa pepala la mu kope nkundiuza kuti zina zonse tikonza mawa. Mawa lake silinafike, foni inasiya kupezeka. Nditati ndikalembetse anandifunsa mapepala a kasitomu ine ndilibe, nambala ya injini ndi ya pa lisiti zosiyana manambala awiri, njinga ija ndinayenda nayo miyezi ingapo mozemba ma roadblock mtima uli mmwamba tsiku lililonse, mapeto ake ndinaigulitsa motaya. Inu ndinu wa boma, simungamathawe apolisi pamaso pa ana omwe mumawaphunzitsa. Yolowa kuchokera kunja ikhale ndi umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa, yakale ikhale ndi blue book, ndipo mugwade pansi nokha ndi tochi ya foni muwerenge nambala ya injini ndi ya chasisi, ya chasisi imakhala pakhosi pa felemu pansi pa mahandulo, mufananize ndi zomwe zalembedwa. Pakaoneka ngati panapalidwa ndi fayilo, tembenukani muzipita. Kusintha umwini mupite limodzi ndi wogulitsayo, ndalama yomaliza apatsidwe zikatheka. Ndiye pa bajeti yanu musathere zonse pa njinga, siyani ya kulembetsa, inshuwalansi, laisensi yophunzilira ndi helemeti.

Ngati mwasankha yakale, pitani mmawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja ikhale yozizira. Ogulitsa ena amaitenthetsa kaye inu musanafike kuti ilire kamodzi. Ikatulutsa utsi wa buluu pa four stroke ndiye kuti ikudya oilo, maringi a mkati mwa injini atha. Yang'anani mano a sipuloketi ngati asongoka ngati minga, gwedezani tayala lakumbuyo uku ndi uku mumve ngati likusewera, muonenso mashoko akutsogolo ngati akudontha. Ndipo ngati njinga inali ya kabaza dziwani kuti yanyamula anthu atatu ndi thumba la makala kuyambira mmawa mpaka usiku, makilomita a pa wotchi musawakhulupilire.

Ndiye za kukongoletsa zija. Ndikumvetsa, njinga yoyamba munthu umafuna anthu adziwe kuti yafika. Koma ekizozi yochotsa zamkati imasokoneza kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya mu kabureta, injini imatentha mopitilira, mphamvu siyionjezekera ndi pang'ono pomwe, phokoso lokha basi ndipo pa sukulu mudzadana ndi a hedi. Ma LED ambirimbiri ndi sipika pa kabatire kakang'ono ka 12 volts, olumikiza mongopota mawaya nkumata selotepi opanda fyuzi, mapeto ake batire kufa kapena mawaya kupsa mvula ikalowa. Mukafuna kuwala kwabwino sinthani babu lakutsogolo lokha, akuikireni munthu wodziwa zamagetsi. Magalasi musachotse chonde, achinyamata ambiri akuchotsa ati njinga izioneka bho, koma pa M1 thiraki yochokera ku Beira ikamabwera kumbuyo kwanu galasi ndi lomwe limakuuzani kuti tsikirani kumbali.

Zoyenera kuika ndi zomwe zimakutetezani tsiku lomwe mwagwa. Choyamba ma crash bar, zitsulo zija zotuluka mbali zonse kutsogolo kwa injini, owotcherera pa trading centre amapanga. Ine ndinagwa pa mchenga ndikuyenda pang'onopang'ono kwambiri, tayala lakutsogolo linangotsetsereka, njinga nkundigonera mwendo wakumanja ekizozi ili moto, masekondi ochepa okha koma chipsera chili pa katumba mpaka lero, chikhala panali chitsulo mwendo ukanapeza mpata wotuluka. Chachiwiri matayala a mano akuluakulu olowa mu dothi, omwe amabwera ndi njinga zambiri zotchipa ndi osalala, pa matope ofiira a dzinja amangovina. Chachitatu kafyuluta ka petulo pa paipi yochoka ku thanki, nkotchipa kwambiri, poti kumudzi mafuta akasowa mudzagula a mzigubu ndipo amakhala ndi zinyalala ngakhale madzi. Keriyala yolimba kumbuyo ndi kabokosi kokhoma kuti makope a ana asanyowe, loko ya tcheni yochindikala chifukwa njinga zikubedwa koopsa, basi zakwana. Zitunda zikamakuvutani pali njira ina, makanika akuikireni sipuloketi yakumbuyo ya mano ochulukirapo awiri kapena atatu, imakoka bwino pokwera koma liwiro la pa tala limatsika, kwa inu kusinthanitsa kumeneko nkwabwino. Koma yambani mwayenda nayo miyezi itatu mmene inabwerera kuti muidziwe kaye.

Helemeti igulidwe tsiku lomwelo ndi njinga, yotseka mpaka kuchibwano, yokwana bwino yosagwedera, lamba womanga. Zipewa zija za pa konsitirakishoni si helemeti. Mugule awiri poti ndikudziwa akunyumba adzafuna kukwera, ngakhale ndingakupempheni kuti musanyamule munthu mpaka laisensi yeniyeni itatuluka. Nsapato zotseka, magolovesi, jekete yolimba ndi ka reflector, osati patapata ngakhale mukungopita pa chigayo. Amene anakazondako wodwala ku wodi ya mafupa ku Queens kapena ku Central ku Lilongwe akudziwa kuti mabedi ambiri agonapo anthu a ngozi za njinga zamoto, ambiri ndi anyamata oti anaphunzira masiku awiri nkulowa pamsewu.

Bwalo la mpira lija ndi sukulu yanu, ana akaweluka. Ikani mabotolo muzizungulira ngati nambala 8 pa giya wani mpaka phazi lisiye kugunda pansi, phunzirani kusiya kilatchi pang'onopang'ono, ndipo funsani magiya ake kuti amayenda bwanji poti zina onse amapondedwa pansi, zina wani pansi enawo mmwamba. Buleki yakutsogolo musaiope, pa tala ndi yomwe imaimitsa njinga kwambiri, muziifinya mofatsa ngati mukufinya ndimu pamodzi ndi yakumbuyo, koma pa mchenga ndi pa miyala yoyoyoka dalirani yakumbuyo. Ikakhala yatsopano musaithamangitse makilomita oyambilira, oilo woyamba atuluke msanga monga kabuku kake kanenera, tcheni izikhala yothira oilo ndipo izisewera masentimita awiri kapena atatu.

Mukaipeza yomwe mtima wagwapo musanapereke ndalama, ijambuleni mbali zonse ziwiri, mujambulenso nambala ya injini, ya chasisi ndi mapepala ake munditumizire pa imelo yomweyi, tiunikire limodzi.