Yankho kwa amalume pa nkhani ya ESG

Amalume, ndamva uthenga wanu, ndipo ndati ndiyankhe pagulu pano kuti enanso amve. Mwafunsa ngati mawu akuti ESG, amene mwawaona m'kalata ya penshoni yanu, akutanthauza kuti ndalama zanu azizipereka ku ntchito zachifundo. Ayi, si choncho, mtima ukhale m'malo.

Zilembo zitatuzo zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza chilengedwe, umoyo wa anthu ndi kayendetsedwe ka kampani. Osunga ndalama asanagule masheya, amafufuza ngati kampani ikuwononga mitsinje ndi nkhalango, ngati ikusamala antchito ake, komanso ngati akuluakulu ake sabisa kanthu m'mabuku a ndalama. Mawuwa anatchuka mu 2004 kudzera mu lipoti la United Nations, nthawi imene Kofi Annan anali mlembi wamkulu, ndipo mu 2006 mabungwe akuluakulu osunga ndalama anasaina ku New York mfundo zotchedwa PRI, zolonjeza kuganizira zinthu zitatuzi poika ndalama m'makampani.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi chakuti anthuwa akuteteza thumba lawo. Taganizirani za fodya, amene abale athu a ku Kasungu amadalira. Mu Novembala 2019, dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ana ntchito m'minda, ndipo makampani ogula fodya anayenera kupereka umboni kuti fodya wawo alibe banga limenelo asanaloledwe kulowetsanso. Mwana mmodzi wosoka fodya m'chigafa nthawi ya sukulu, amene ife timangomuona ngati akuthandiza makolo, angathe kutsekereza belo kutsidya kwa nyanja. Ngakhale thumba lalikulu la boma la Norway linasiya kuika ndalama m'makampani opanga fodya mu 2010.

Chitsanzo china mumachiona nokha mukamabwera kuno ku Mzuzu pa msewu wa M1. Ku Chikangawa, malo ambiri amene kale kunali paini wothithikana lero kwatsala zitsa zakuda ndi moto, ndipo ine zimandiwawa nthawi zonse ndikamadutsapo. Munthu amene anaika ndalama zake pa macheka osafunsa za kubzalanso mitengo, lero akucheka chiyani?

Komabe sindikunena kuti aliyense wolemba ESG m'kalata ndi wokhulupirika, chifukwa ena amangokometsa malipoti ndi zithunzi za mbande zobzalidwa tsiku limodzi, zimene palibe amene amabwerera kukazithirira. Popeza mwezi uliwonse mumadulidwa 5 peresenti ya malipiro anu, abwana anu n'kuwonjezerapo 10 peresenti, muli ndi ufulu wofunsa. Mukapita ku ofesi ya osunga penshoni yanu, afunseni kuti ndalama zanu zili m'makampani ati a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, ndiponso ngati ilipo kampani imene anaikana pa zifukwa zimenezi. Kalatayo muijambule munditumizire, ndiiwerenge madzulo ano ndikaweruka.