Makhesi amenewo musaikemo onga musanawadule

Achimwene, mwayeza utali wa makhesi (tizitini ta brasi tosunga onga ndi chipolopolo) amene mukufuna kuikamonso onga, ndipo mainchesi 2.022 amene mwapeza pa .308 Winchester apitirira malire. Muyezo wa SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, umathera pa mainchesi 2.015, omwe ndi 51.18 mm kwa inu a ku Joni amene vernier (choyezera cha nsagwada) yanu ndi ya mamilimita, ndipo podula timabwezera pa 2.005, kapena kuti 50.93 mm. Bambo amene akuuzani kuti kudula makhesi ndi kwa ampikisano okha akusocheretsani. Mtima ukundiwawa chifukwa malangizo omwewa anandiphulitsirapo primer (kakapu koyatsa onga kutako kwa khesi) kumaso.

Mkati mwa chemba (malo a mfuti amene khesi imalowa), pamene khosi la khesi limathera, bowo limachepa mwadzidzidzi. Khesi ikatalika, mlomo wake umakagunda pamenepo n'kupindikira mkati, n'kuluma chipolopolo. Potseka bolt (chitsulo chotsekera chemba) mumamva kulimba pang'ono, mumangokankha ndi chikhatho poganiza kuti ndi litsiro. Mukawomba, khosi silipeza malo ofutukukira, chipolopolo chimachedwa kumasuka, presha imakwera pa mlingo wa onga womwewo umene dzulo unalibe vuto. Mfuti imalira mosiyana, mpweya wotentha umabwerera kumaso, bolt imakana kudzuka. Ikatseguka mumapeza primer yaphwatalala kapena yagweratu, kutako kwa khesi kuli kachidindo konyezimira ka ejector (kachitsulo kotulutsa khesi), dzenje la primer lakula moti yatsopano imangolowa ndi chala. Wopanda magalasi apa ndi pamene amatayira diso.

Ndiye pali anthu awa ogulitsa brasi (makhesi owombedwa kale) yotola ku range, malo ophunzirira kuwombera, amati yawombedwa kamodzi kokha. Kamodzi kati? Thumba limodzi mupezamo mitundu itatu, ena anadulidwapo kale kangapo, ena ndi a primer ya mtundu wa Berdan, a mabowo awiri aja othyola pini ya die (chida chofinyira khesi). Sayeza, sasankha, amangotsuka kuti ziwale n'kulandira ndalama, ngozi n'kusiyira wogula.

Yezani mukamaliza sizing (kufinya khesi mu die kuti ibwerere pa muyezo wake), osati musanayambe. Die ikamafinya thupi la khesi brasi imathawira kutsogolo, ndiye expander (kachitsulo kofutukula khosi) potuluka imakokanso khosi. Khesi imene inali bwino musanaiike mu die itha kutuluka itapitirira. Primer yakale ikhale itachoka kale, chifukwa yotuluka pang'ono imanamiza vernier. Tsekani vernier muone ngati ili pa ziro, pukutani nsagwada zake, yezani khesi, itembenuzeni pang'ono muyezenso. Manambala akasiyana ndiye kuti mlomo ndi wopendekeka.

Za chodulira, zilipo zamitundu itatu. Cha Lee chili ndi kandodo kolowa m'khesi, pini yake imadutsa pabowo la moto n'kukagunda pansi, basi sichidulanso. Simusintha kanthu, simulakwitsa, koma utali ndi womwewo umene anakonza kufakitale. Zopukusa ndi dzanja monga za Forster, RCBS ndi Lyman mumachuna nokha: yambani ndi khesi yoti muitaye, dulani pang'onopang'ono mpaka 2.005, mangani kolala, kenako yezani zisanu zoyamba chifukwa kolala ikakhala yosamanga bwino imasuntha. Khesi yoyamba yolondolayo isungeni, muilembe, mudzachunire ulendo wina. Zina monga Giraud zimayezera paphewa, n'zachangu kwambiri, koma ngati mapewa a makhesi anu sanabwezedwe mofanana mu die, utali nawonso usiyana ndipo mudzanamizira makina. Mphamvu ya dzanja ikhale imodzimodzi. Kukankha kwambiri pa ina, pang'ono pa inzake, kumasiyanitsa ndi 0.002 mosavuta.

Mukadula musathamangire kuika chipolopolo. Mlomo umatsala wakuthwa, wokhala ndi tizinyenyeswa mkati ndi kunja. Palani mkati ndi kunja ndi chida cha chamfer, kutembenuza kawiri kapena katatu mopepuka n'kokwanira. Osanola mpaka mlomo kukhala ngati mpeni, umang'ambika msanga. Mukapanda kupala mkati, mlomo umakanda chikuto cha chipolopolo polowa, mudzaona timizere ta mkuwa tatsalira pakhosi. Gogodani khesi mozondotsa kuti zinyenyeswa zonse zituluke. Ngati mumachita crimp (kufinyira mlomo wa khesi pa chipolopolo), makamaka ya roll, kufanana kwa utali ndiye nkhani yonse: yaitali imafinyika mpaka phewa kutupa, yaifupi sigwira n'komwe.

Ena munafunsa za mfuti zina. Ya .223 Remington malire ndi 1.760, dulani pa 1.750. Ya .30-06 ndi 2.494, dulani pa 2.484. Ya .303 British ndi 2.222, dulani pa 2.212. Paliponse mukungochotsa 0.010, pafupifupi kota ya milimita, koma tsimikizani m'buku lanu la reloading (kuikanso onga m'makhesi).

Chimene ambiri saganizira n'chakuti brasi imene mukudulayo ikuchokera penapake. Ikuchoka pakhoma la khesi, pamwamba pang'ono pa tako, ndipo pamenepo pakupyapyala. Mukaona kamzere kowala kozungulira malo amenewo, pindani nsonga ya waya wa paper clip, mukande mkati. Ikakola pakamgula, tayani. Mukakakamira, tako limatuluka lokha, thupi n'kutsalira mu chemba. A ma Lee-Enfield a .303 amazidziwa bwino izi chifukwa machemba ake ambiri ndi otakasuka. Bwezani phewa ndi 0.002 yokha m'malo molifinya mpaka pansi, makhesi sadzatalika msanga.

Komanso musadzivutitse mopitirira. Pa mfuti yosakira yopanda crimp, kusiyana kwa 0.003 nyama siidziwa, bola onse akhale pansi pa 2.015. Ndipo brasi ya ku range ija muthabe kugula ngati yatsopano yakwera mtengo, kungoti musankhe mtundu umodzi, muyeze iliyonse, ndipo gulu lililonse mulilembere papepala kuti ladulidwa kangati. Likafika kanayi kapena kasanu, liphwanyeni ndi pulayala lipite ku sikirapu.