Funsani Azakhali: Mwana wanga akumugenda m'dzina la Mulungu

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi masamba mumsika wa Zomba. Wachiwiri wanga ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2. Chibadwire ndi wofatsa, mpira sakonda, zake ndi kwaya ndi kundithandiza kuphika. Anzake anayamba kale kumutcha "chemwali". Koma chilalikire abusa athu za Sodomu ndi Gomora mwezi wathawu, zafika poipa. Lachiwiri anabwera malaya a yunifolomu atang'ambika, magazi ali chuchuchu pachipumi. Akuti anamugenda panjira uku akukuwa kuti "wamathanyula, ukapsa kumoto". Amayi anzanga akumpingo anati ndi chiwanda, ndiye tinamugwaditsa usiku wonse akumupempherera. Kuchokera tsikulo sakudya, kusukulu akukana, kwaya wasiya. Bambo ake akuti apite kumudzi amalume ake akamuwongole. Mulungu ndimamuopa, koma uyunso ndi wa m'mimba mwanga. Nditani?

Mayi wosweka mtima, Chinamwali

Mayi,

Pepani kwambiri. Chandiopsa kuposa bala la pachipumilo n'chakuti wasiya kudya ndi kuimba. Madzulo ano khalani naye pamkeka awiriwiri, mumufunse mosapsatira ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupeputsa. Mankhwala a makoswe ndi othira m'chimanga muwachotse m'nyumbamo. Imbaninso 116, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana, yomwe amayendetsa a YONECO konkuno ku Zomba.

Kaya mwanayu ndi wotani mumtima mwake, inu simukudziwa, ine sindikudziwa, mwina iyenso sanadziwe. Kukonda kuphika si umboni wa kanthu. Ndipo ngakhale tsiku lina atadzakuuzani kuti amakopeka ndi amuna anzake, mwala uja sudzakhala wolungama.

Inenso ndimapemphera, n'chifukwa chake izi zimandiwawa. Ana sapeka okha mawu akuti "ukapsa kumoto", amawatola kwa ife. Mu Julaye 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anaguba m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Akuluakulu ankakamba za malamulo, koma mwana womvera pambali anangotolapo kuti pali anthu ena amene Mulungu amadana nawo, ndipo amene wawagenda wamugwirira ntchito. Paja timati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Apa adya akulu, koma zikupota mwana wanu.

Pitani kwa abusa anu, malaya ong'ambikawo ali m'manja. Simukukatsutsana nawo za chiphunzitso ayi. Mukawapemphe kuti anene paguwa pomwepo kuti kugenda mwana ndi tchimo. Pa Yohane 8 anthu anabwera ndi miyala, malemba ali kumbali yawo, koma Yesu sanalole kuti mwala ndi umodzi womwe uponyedwe. Papa Francis naye ananena mu Januwale 2023 kuti kukhala munthu wokopeka ndi amuna kapena akazi anzake si mlandu. Abusa akakana, mwanayo musamukakamize kubwererako.

Zomugwaditsa usiku zija zilekeke. Ndikudziwa munachita pomufunira zabwino, koma iye anaona mayi ake ataima mbali imodzi ndi omugenda. Mumupepese. Mawu amenewo ochokera pakamwa panu adzamuchiza kuposa langizo langa lililonse. Bambo akenso muwauze modekha kuti mwana amene wasiya kudya satumizidwa kutali ndi maso a mayi ake, ndipo "kuwongola" kumeneko nthawi zambiri kumathera ku chikwapu.

Ena akuopsezani ndi malamulo. N'zoona, ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu zimaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo khoti linagamula mu Juni 2024 kuti zikhalebe. Koma zimenezo zimakamba za mchitidwe, osati mayendedwe kapena mawu a mwana. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko imateteza mwana aliyense ku nkhanza. Choncho balalo akalione kuchipatala, alembe m'buku lake, kenako mukaonane ndi aphunzitsi aakulu. Kumeneko nkhani ndi imodzi: mwana wanga wamenyedwa, omumenya ndi awa, muchitapo chiyani? Wina akayamba kufunsa kuti "koma iyeyo ndi wotani", mubwezeni ku nkhani ya mwala. Zikapanda kusintha, msamutseni sukulu.

Mawa musapite naye kwina kulikonse. Mugule usipa, mumuitane kukhitchini, ndiwozo aphike iyeyo monga kale. Mundilemberenso sabata yamawa, ndimve ngati wadya.

Azakhali