Kodi tingowakana a IMF ndi a World Bank? Yankho langa kwa achimwene amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akuti amawerenga zolemba zanga nthawi zonse koma aka nkoyamba kundilembera. Kalata yawo inali yaitali ndithu, koma mtima wake ndi uwu: "Zaka zonsezi timangomva kuti maiko osauka asinthe kayendetsedwe ka chuma, a IMF ndi a World Bank abwera ndi pulogalamu, ndalama igwe mphamvu, sabuside ichoke, makampani aboma agulitsidwe. Nanga bwanji maiko omwewo akadali osauka mpaka lero? Ndi mankhwala amene ali olakwika kapena ndi atsogoleri amene samwa bwino mankhwalawo? Bwanji osangowakana anthu amenewa basi?"

Achimwene zikomo kwambiri, ndipo mundipirire chifukwa ndilemba zambiri. Nkhaniyi imandikhudza zedi poti kuseri kwa mawu oti pulogalamu kumakhala mwana amene wasiya sukulu, kumakhala bambo amene fakitale yake yatsekedwa ali ndi ana asanu.

Tiyambe ndi kumene mabungwe awiriwa anachokera. Anabadwa mu 1944 ku Bretton Woods, ku America, pamsonkhano wa nthumwi za maiko 44, nkhondo yachiwiri isanathe nkomwe. Maiko ambiri a mu Africa ndi Asia nthawi imeneyo anali m'manja mwa atsamunda, patebulo paja sanakhalepo. World Bank ntchito yake yoyamba inali kumanganso Europe, zachitukuko cha maiko osauka zinabwera pambuyo. IMF ntchito yake ndi kubwereketsa dziko limene ndalama zakunja zatheratu, loti silingathenso kugula mafuta, mankhwala kapena kubweza ngongole. Ndiye IMF ndi ozimitsa moto, amaitanidwa nyumba ikuyaka, ndipo ozimitsa moto samanga nyumba, ngakhale kwa zaka zambiri iwo eni komanso maboma akhala akuyankhula ngati pulogalamu yozimitsa moto ndiye pulani yachitukuko. Apa mpamene pagona yankho langa lonse. Mudziwenso kuti mavoti ku IMF amatengera kukula kwa gawo la ndalama la dziko, America ili ndi mavoti opitirira pang'ono 16 peresenti pomwe ziganizo zikuluzikulu zimafuna 85 peresenti, kutanthauza kuti America yokha ikati toto zatha. Mkulu wa IMF nthawi zonse amachokera ku Europe, wa World Bank amakhala nzika ya America. Ndiye amene amati mabungwewa alibe mbali sakunena zoona.

Zomwe mukudandaulazi zinayamba m'ma 1980. Mafuta anakwera mtengo mu 1973 nkukweranso mu 1979, mabanki a kunja anali ndi madola ambiri ndipo ankabwereketsa maboma mosavuta, kenako Paul Volcker wa banki yaikulu ya America anakweza chiwongola dzanja mpaka kufika cha m'ma 20 peresenti pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu kwawo, ngongole za maiko osauka zinangofufuma zokha pomwe mitengo ya zomwe amagulitsa kunja monga kopa inali itagwa kale. Mu Ogasiti 1982 Mexico inalengeza kuti singathe kulipira, ena ambiri anatsatira. Nde onse anapita kukagogoda ku Washington, ndipo anauzidwa kuti ndalama zilipo koma musinthe izi ndi izi. Mu 1989 katswiri wazachuma John Williamson analemba mfundo 10 zomwe mabungwe a mumzindawo ankagwirizana, nkuzitcha Washington Consensus, dzina lomwe mpaka pano anthu amalitchula mokwiya.

Koma achimwene, ndinene chilungamo, zinthu zina zinali zitaoladi ndipo sanaoletse ndi a IMF. Taonani Ghana cha m'ma 1983, mitengo ya zinthu ikukwera kupitirira 100 peresenti pachaka, boma likuumirira mtengo wa ndalama yake womwe pamsika palibe amene ankaukhulupirira, bungwe laboma logula koko likupatsa mlimi kagawo kochepetsetsa ka mtengo weniweni mpaka alimi ankazembetsa koko wawo usiku kukagulitsa ku Côte d'Ivoire ndi ku Togo. Pamenepo amene ankadyera mlimi masuku pamutu anali boma lake lomwe. Zimbabwe inasindikiza ndalama mpaka kutulutsa pepala la madola 100 thiriliyoni. Sri Lanka inadula misonkho kwambiri mu 2019, mu 2021 nkuletsa feteleza mwadzidzidzi, zokolola zinagwa, 2022 nkulephera kubweza ngongole, anthu akugona pamizere ya mafuta. Palibe mlendo anawatuma zimenezo. Bajeti yosalongosoka ndi katangale zimapweteka wosauka kaya IMF ilipo kaya palibe.

Ndiye kusintha kumafunika, vuto linali mmene anasinthira ndi amene analipira. Maboma anauzidwa adule bajeti msanga, ndipo chosavuta kudula ndi cha munthu wopanda mawu, mpamene kunabwera zolipiritsa kusukulu ndi kuchipatala. Pofika 1987 bungwe la UNICEF linali likudandaula poyera kuti ana ndi amene akulipira mtengo wa mapulogalamuwa. Umboni wake unadzaoneka Uganda itachotsa fizi kupulaimale mu 1997, ana kusukulu anachoka pa 3 miliyoni kupitirira 5 miliyoni m'chaka chimodzi, kusonyeza kuti ana onsewo anali pakhomo chifukwa cha kandalama kochepa chabe. Ku Mozambique m'ma 1990 World Bank inakakamiza boma kuti litsegule malonda a mtedza wa kashu wosakonza, poganiza kuti mlimi apeza mtengo wabwino. Mlimi anapezako kangachepe, koma mafakitale okonza mtedzawo anatsekeka ndipo anthu masauzande, ambiri mwa iwo amayi, ntchito inawathera, mtedza nkumapita ku India kukakonzedwa kumeneko. Ku Russia mu 1992 anamasula mitengo yambiri kamodzinkamodzi, chuma cha dziko chinagwera m'manja mwa anthu ochepa, ndipo amuna anayamba kufa msanga moonekeratu. Chomwe chimandiwawa kwambiri nchoti nthawi yomweyo alimi a thonje a ku Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali ankauzidwa kuti sabuside ndi yoipa, America inali ikupatsa alimi ake a thonje sabuside ya mabiliyoni, mpaka maiko anayiwa anakadandaula kumsonkhano wa WTO, bungwe loona zamalonda padziko lonse, ku Cancún mu 2003.

Pali chithunzi china chomwe ndimafuna aliyense wofunsa funso lanuli atachiona. Ndi cha mu Januwale 1998 ku Jakarta. Pulezidenti Suharto wawerama patebulo akusaina mgwirizano, pambali pake paima Michel Camdessus mkulu wa IMF, manja atapinda pachifuwa akumuyang'ana ngati ahedi akuyang'anira mwana wolakwa. Suharto sanali woyera ayi, banja lake linali litadya dziko, koma anthu a ku Indonesia ataona chithunzicho anamvetsa kuti zochitika m'dziko mwawo zikulembedwa ndi wina. Pasanathe miyezi isanu mafuta atakwera, zipolowe zinabuka ndipo Suharto anatula pansi udindo.

Tsopano tiyang'ane amene anadzukadi, chifukwa kumeneko nkomwe kuli phunziro. South Korea inayamba ndi kugawa minda kwa alimi cha m'ma 1950, nkulimbikira sukulu, inalandiranso thandizo lambiri kuchokera ku America, tisabise. Boma linkateteza makampani ake nkumawapatsa ngongole zotchipa, zomwe buku la Washington limaletsa, koma panali lamulo lolimba, ukapatsidwa thandizo uonetse kuti katundu wako akugulika kunja, ukalephera thandizo lichoka. Atafuna kumanga fakitale ya zitsulo a World Bank anati sizingapindule, iwo anatenga ndalama zochokera ku Japan nkumanga POSCO, yomwe inayamba mu 1968 nkudzakhala imodzi mwa makampani akuluakulu a zitsulo padziko.

Ya ku China ndiye imandisuntha mtima. Chakumapeto kwa 1978 alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang, chigawo cha Anhui, anakumana mobisa m'nyumba ina, nkudinda zala zawo papepala kuti agawana munda wa gulu banja lililonse lizilima pake, nkulonjezana kuti wina akamangidwa otsalawo amulerera ana. Chaka chotsatira anakolola zochuluka kuposa kale. Akuluakulu m'malo mowamanga anayang'ana, analola madera ena ayesere, zitayenda nkufalitsa dziko lonse. Mitengo sanaimasule tsiku limodzi, mlimi ankapereka gawo lake kuboma pamtengo wa boma, zotsala nkugulitsa pamsika. Za mafakitale akunja anayesera kaye ku Shenzhen mu 1980. Ndipo a World Bank omwewo amavomereza kuti anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka 40. Sindikuti ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wabwino, anthu ambiri anavutika nawo, ndikunena za njira yoyesa pang'ono kaye nkuona. Vietnam inachitanso chimodzimodzi kuyambira 1986, dziko lomwe linkasowa chakudya pofika 1989 linali likugulitsa mpunga kunja.

Ndipo musati ndi za ku Asia zokha. Botswana polandira ufulu mu 1966 inali m'gulu la maiko osaukitsitsa, msewu watala unali makilomita 12 okha. Dayamondi atapezeka ku Orapa mu 1967, boma la Seretse Khama linaika miyala ya pansi m'manja mwa dziko lonse osati dera limodzi, linakambirana ndi De Beers, kampani yaikulu ya dayamondi, mpaka kukhala ndi theka la kampani yokumba dayamondi m'dzikomo, ndalama nkumasunga zina za tsiku loipa. Mavuto ali nawo, ulova ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka nkwakukulu, koma misewu, sukulu ndi zipatala zinamangidwa.

Mukaika maikowa pamodzi muona kuti onse anasintha zinthu, onse anasamala bajeti, onse anagulitsa kunja, ndiye sanakane zonse za ku Washington. Koma anasankha okha choyambira, anayang'ana chimene chikutsekereza kwawoko nkuyamba ndi chimenecho, ndipo pulani inalembedwa ndi eni dziko. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kusintha komwe kumachitika tsiku limene mosungira ndalama zakunja mwauma, nduna ili ndi masabata ochepa kuti mafuta athe, sikungakhale kwachitukuko, cholinga chake nkuti mabuku alingane ndipo okongoza alipidwe, basi.

Chomwe chimandikwiyitsa ndi atsogoleri nchoti mpata unapezeka. Anthu a mipingo ndi ena anachita kampeni ya Jubilee 2000 yoti ngongole zikhululukidwe, ndondomeko ya HIPC yochepetsera ngongole maiko osauka inayamba mu 1996, ndipo mu 2005 ku Gleneagles maiko olemera anagwirizana kukhululuka ngongole zambiri. Maiko anapuma. Koma patangopita zaka zochepa ambiri anathamangiranso kukakongola, ulendo uno pamisika ya ndalama ya ku Europe pachiwongola dzanja chokwera komanso ku China, zina zinamanga zinthu zooneka, zina sizidziwika komwe zinalowera. Walira mvula walira matope. Zambia inalephera kulipira mu Novembala 2020 ndipo inatha zaka zoposa zitatu ikukambirana ndi okongoza, Ghana inaimitsa kulipira mu Disembala 2022, ku Kenya mu Juni 2024 achinyamata analowa m'nyumba ya malamulo pokana misonkho yatsopano, anthu anafa, Pulezidenti Ruto nkubweza biluyo.

Ngakhale nkhani ya sabuside ya mafuta, yomwe kunena zoona imapindulira kwambiri a magalimoto, kachotsedwe kake kamasiyana. Indonesia mu 2005 pokweza mtengo inapereka ndalama m'manja kwa mabanja osauka mamiliyoni nthawi yomweyo. Nigeria mu Meyi 2023 Pulezidenti Tinubu anangolengeza tsiku lolumbira kuti sabuside yatha, mtengo unakwera pafupifupi katatu m'masiku ochepa, zothandizira osauka zisanakonzeke.

Nde funso lanu lomaliza, bwanji osawakana? Malaysia inakana mu 1998, nduna yaikulu Mahathir anatseka zipata kuti ndalama zisathawe m'dziko, akatswiri ambiri anati wapenga koma dziko linachira, chifukwa anali ndi mabanki oyenda, mafakitale ogulitsa kunja komanso pulani yake. Kaunda wa ku Zambia anakananso mu Meyi 1987 zipolowe zitachitika ku Copperbelt sabuside ya chakudya itachotsedwa, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake, koma kopa anali asakubweretsa ndalama zokwanira, opereka thandizo anatseka mipopi, pasanathe zaka zitatu Zambia inabwerera kwa anthu omwewo. Kukana kumatheka ukakhala ndi pogwira.

Chomwe ndingakupempheni achimwene nchakuti mulowe pa webusaiti ya IMF mufufuze dziko lililonse lomwe lili pa pulogalamu. Mupeza kalata yomwe amaitcha Letter of Intent, yolembedwa ngati yochokera kuboma, pansi pake pasaina nduna ya zachuma ndi gavanala wa banki yaikulu ya dzikolo, kumapeto kuli matebulo a zolonjeza ndi masiku ake. Nthawi yoyamba nditawerenga imodzi ndinaona kuti zinthu zomwe anthu anadzadzidzimuka nazo patapita miyezi zinali zolembedwa kale poyera, tsiku ndi tsiku lake, chonsecho ndi aphungu ochepa amene anali ataiwerenga. Muonemo kuti msonkho watsopano ukugwera ndani, amigodi ndi makampani akuluakulu akhudzidwa kapena ndi wogula wamba yekha, ndalama za chipatala ndi sukulu zatetezedwa ndi nambala yeniyeni kapena ndi mawu okoma chabe, ndiponso ngati muli mzere ngakhale umodzi wonena chimene dzikolo lidzagulitse kunja kuti lisadzabwerenso. Mukaipeza mundilemberenso tiiwerengere limodzi ndime ndi ndime.